Kalata yotseguka kwa oyendetsa maphunziro a ana aang'ono: asiyireni ana nthawi yosewera

Kwa nduna ndi akuluakulu a maphunziro, eni ndi oyang'anira sukulu za mkaka, oyendera sukulu, ndi nonse amene mumasaina mapepala ogulira zipangizo za ana,

Olemekezeka,

Ine ndine mlezi pa sukulu ya mkaka. Ana a zaka zitatu mpaka zisanu amakhala m'manja mwanga kuyambira m'mawa kufikira makolo awo atabwera kudzawatenga. Zimene inu mumagwirizana pa misonkhano yanu zimadzathera m'chipinda mwanga, n'chifukwa chake ndalimba mtima kukulemberani poyera.

Pempho langa ndi ili. Pa ndondomeko ya tsiku la mwana wa sukulu ya mkaka musiyepo nthawi yaitali, yosadulidwadulidwa, yoti azisewera masewera oyerekezera amene wapeka yekha ndi anzake, m'chipindamo mulibe foni, tabuleti kapena wailesi yakanema yoyaka. Nthawi imeneyi muilembe m'malamulo anu ngati phunziro lenileni, isakhale nyenyeswa zotsala ana akamaliza kukopera zilembo.

Nthawiyi ikudyedwa mbali ziwiri. Mbali ina ndi changu chofuna kuti mwana wa zaka zitatu akhale pa desiki ndi kope ngati wa ku pulayimale. Mbali inayo ndi sikirini, ndiko kuti foni, tabuleti ndi wailesi yakanema. Sukulu zikupikisana kuoneka zamakono, ndipo pa zikwangwani zawo pamakhala chithunzi cha kamwana katagwira tabuleti. Makolo, pofunira ana awo zabwino, akabwera kudzalembetsa amafunsa ngati tili ndi makompyuta. Ogulitsa zipangizo amafika ndi mawu okoma, nthawi zina ndi mphatso zoyambira. Koma masanje alibe wowagulitsa, popeza mulibe ndalama, choncho pa misonkhano yanu alibenso wowalankhulira.

Ndiloleni ndikuonetseni zimene zimachitika ana akapatsidwa mpata. M'mawa wina ana anga anatsegula chipatala pakona ya chipinda. Katoni yaikulu inali ambulansi, woyendetsa akuiliza yekha ndi pakamwa. Chivindikiro cha cholembera chinali jakisoni, timiyala tinali mapiritsi. Mkangano sunachedwe: atsikana awiri onse ankafuna udokotala. Anakokanakokana, wina anayamba kusisima, ine ndinadzigwira osalowererapo. Kenaka mnyamata wina wosakonda kulankhula anati: "Iwe ukhale dokotala wa masana, iwe wa usiku. Panopa ndi masana." Wa usiku uja anavomera, anakadzipinda pansi pa tebulo kudikira kuti kude, ndipo atatopa ndi kudikira anatuluka n'kulengeza yekha kuti kwada. Wodwala anali mnyamata amene pa nthawi ya nthano sakhazikika pansi, amangoti apa wakhala apo waima. Tsiku limenelo anagona chagada, manja ali pamimba, osagwedezeka, chifukwa anzake anamuuza kuti wodwala sathamanga. Dokotala anamufunsa ndi mawu a munthu wamkulu: "Mwayamba liti kumva kupweteka, bambo?" Atatero anatenga kapepala, n'kukhwatchapo mizere yokhotakhota, n'kuuza namwino: "Awiri m'mawa, awiri madzulo." Namwino anawerenga timiyala, n'kupereka tinayi.

Palibe amene anawauza kuti lero tiphunzira kuphatikiza manambala. Palibe anawauza kuti zolembedwa pa pepala zimanyamula uthenga kuchoka kwa munthu wina kupita kwa wina, komabe dokotala uja anasonyeza kuti wazindikira zimenezo asanadziwe ndi chilembo chimodzi chomwe. Ndipo mtsikana amene anabaya chidole jakisoni mobwerezabwereza, akuchitonthoza kuti "usalire, atha pompano", ndi yemwe masiku apitawo anachokera kolandira katemera akulira. Mantha ake anawagwira m'manja n'kuwasewera mpaka anachepa.

Zimenezi si zoona alezi tokha. Mu 1933 katswiri wa za kakulidwe ka ana wa ku Soviet Union, Lev Vygotsky, anaphunzitsa kuti mwana akamasewera amachita zoposa msinkhu wake, zimene kunja kwa sewerolo sangakwanitse. Chifukwa chake n'chakuti sewero loyerekezera limaoneka ngati la ufulu koma lili ndi malamulo ake obisika: ukakhala mlonda sugona, ukakhala mayi susiya mwana akulira, ukakhala wodwala suthamanga. Mwana amamvera malamulo amenewa mwa kufuna kwake, popanda womukalipira, chifukwa akawaswa sewero latha ndipo anzake amuthawa. Mu 1948 wofufuza wina wa komweko, Manuilenko, anapeza kuti ana aang'ono ankatha kuima osagwedezeka nthawi yotalikirapo akamasewera ngati alonda kusiyana ndi pamene angouzidwa kuti "ima pomwepo". Kudziletsa kumene aphunzitsi a ku pulayimale amadandaula kuti ana alibe kumayambira pamenepa.

Vygotsky anakambanso za mwana amene wakwera ndodo n'kunena kuti ndi hatchi. Mwanayo akudziwa bwinobwino kuti ndi ndodo, koma m'mutu mwake walola chinthu chimodzi kuimira china. Tsono chilembo n'chiyani? Ndi kamzere pa pepala koimira liwu. Nambala 4 ndi kamzere koimira timiyala tinayi tija. Inu amene mukufunitsitsa kuti ana adzawerenge msanga, dziwani kuti luso loona chinthu n'kuganiza china limakula pa ndodo ija lisanafike pa bolodi. Mumakonda kunena m'malankhulidwe anu kuti m'mera mpoyamba. Ndikugwirizana nanu, ndipo poyambapo ndi pamenepa.

Pa sikirini zonse zimabwera zokonzeratu. Hatchi ili kale ndi mtundu wake, mawu ake ndi kumene ikupita. Mwana sakufunika kupeka kanthu, ntchito yake ndi kuyang'ana kapena kudina pamene pakuthwanima. Gemu ya pa tabuleti simukana mwana, simuuza kuti "inenso ndikufuna udokotala", sikwiya n'kuchoka. Mnzake ndiye amatero, ndipo kukanidwa kumeneko ndi kumene kumamuphunzitsa kuti mutu wa mnzake uli ndi maganizo osiyana ndi ake. Kuonjezera apo, mapulogalamu ambiri a makanema anapangidwa kuti kanema wina akatha wina ayambe yekha, choncho mwana safika pa malire achibadwa oti "zatha, ndichitenso chiyani?" Funso limenelo ndiye khomo lolowera ku sewero.

Mu 2003 Patricia Kuhl ndi anzake a pa University of Washington anatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja olankhula Chingerezi. Ena anawakumanitsa maulendo 12 ndi anthu olankhula Mandarin, chinenero cha ku China, amene ankasewera nawo ndi kuwawerengera mabuku. Ena anaonetsedwa zomwezo pa kanema. Makanda amene anakumana ndi anthu maso ndi maso anaphunzira kusiyanitsa maliwu a chinenerocho, pamene oonera kanema aja sanatolepo kanthu. Mu 2016 Anna Sosa wa pa Northern Arizona University anajambula mawu a makolo akusewera ndi makanda awo kunyumba, ndipo anapeza kuti chidole chikakhala cha mabatire, choyaka ndi cholankhula chokha, makolo ankalankhula mawu ochepa ndipo kuyankhana pakati pawo ndi mwana kunkachepa poyerekeza ndi pamene akugwiritsa ntchito mabuku kapena zidole wamba. Ngakhale wailesi yakanema yongoyaka kumbuyo, yoonetsa za akuluakulu, imasokoneza: kafukufuku wa mu 2008 wa pa University of Massachusetts anaonetsa kuti ana a chaka chimodzi mpaka zitatu ankasewera mwachidule ndi modukizadukiza TV ikakhala yoyaka m'chipindamo, ngakhale ankangoiponyera diso apo ndi apo.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa amenewa ndi makanda, ndipo ana anga ndi okulirapo. Mwana wa zaka zinayi angathe kutolapo mawu atsopano pa pulogalamu yokonzedwa bwino, makamaka akamaonera limodzi ndi wamkulu amene akukambirana naye. Sindikukana zimenezo. Sindikunenanso kuti masewera oyerekezera ndi mankhwala a chilichonse; katswiri wa za kakulidwe ka ana Angeline Lillard ndi anzake, ataunikanso kafukufuku wambiri mu 2013, anachenjeza kuti umboni woti masewerawa paokha ndi amene amabweretsa nzeru zonse zimene anthu amawatamandira nazo ndi wosalimba monga ambiri amanenera. Chenjezo limenelo ndi loyenera kulimva. Koma taonani zimene zimabwera pamodzi ndi sewero: kulankhulana, kuyenda, kugwira zinthu, kukangana ndi kuyanjana, kukhala pafupi ndi munthu wamkulu amene akumvetsera. Kaya mphamvu ili mu kuyerekezerako kapena mu zonsezi pamodzi, ola limene mwana wakhala duu kuyang'ana sikirini ndi ola limene zonsezi palibe. Tsiku la mwana ndi lalifupi, ndipo ola likapita uku lachoka uko.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 okhudza ana osafika zaka zisanu. Linati khanda komanso mwana wa chaka chimodzi asaikidwe pa sikirini. Wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku, ndipo kuchepera apo ndiye bwino koposa. Linatinso mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azikhala akuyenda, kuthamanga ndi kusewera kwa mphindi zosachepera 180 pa tsiku, ndipo wa zaka zitatu kapena zinayi azigona maola 10 mpaka 13. Chonde werengerani nokha. Ana ambiri amafika kwa ife ataonera kale makatuni pa foni m'mawa, ndipo madzulo akaoneranso. Ola lija latha asanalowe pa geti. Sukulu ikaonjezerapo lake, ndiye kuti ife amene timadzitcha akatswiri a ana tikuthandiza kuswa malangizo amene timauza makolo kuti awatsate. Kwa ana ambiri sukulu ya mkaka ndi malo okhawo pa tsiku lonse pamene pali ana anzawo ambiri, malo oti n'kuthamanga, ndi munthu wamkulu amene ntchito yake ndi iwowo. Malo otere n'kuwasandutsanso poonera kanema ndi kutaya chinthu chimene kwina sachipeza.

Mudzandiuza kuti dziko lapita patsogolo, mwana wosadziwa kompyuta adzatsalira. Nkhawa imeneyi ndi yoona kwa ana okulirapo, ndipo iwo aphunzitsidwe ndithu. Koma kwa wa zaka zitatu, luso limene akuti akuphunzira pa tabuleti ndi kusisita galasi ndi chala. Zipangizozi anazipanga dala kuti aliyense azizolowere mosavuta, ndipo wa zaka zisanu ndi ziwiri amene sanaigwirepo amawapeza anzake m'masiku owerengeka. Chimene sangachipeze mwachangu chotero ndi kudziwa kudikira, kumvetsera nkhani mpaka kumapeto, kufotokoza zimene zili mumtima mwake ndi pakamwa osati ndi chibakera. Lipoti la UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, la mu 2023 lokhudza zipangizo zamakono m'maphunziro linanena poyera kuti umboni wodalirika wa phindu lake ndi wochepa, ndipo wambiri umachokera kwa omwe akugulitsa zipangizozo. Dziko la Sweden, limene linali patsogolo polowetsa zipangizozi m'sukulu za mkaka, labwerera m'mbuyo, ndipo mu 2024 bungwe lake la zaumoyo linalangiza kuti ana osafika zaka ziwiri asamaonere sikirini konse. Musanasaine pepala logulira matabuleti, funsani wogulitsayo kuti umboni wake anaupeza ndani, ndipo anamulipira ndani.

Pali ana amene chipangizo ndi pakamwa pawo, monga mwana wolumala amene amalankhula podina zithunzi. Ameneyo asalandidwe. Mwana wolankhula pa foni ya kanema ndi agogo ake kapena bambo ake amene ali kutali akucheza ndi munthu amene akumuyankha, ndipo ngakhale bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linasiyanitsa zimenezi ndi kungoonera. Bungwe lomwelo mu 2018 linalimbikitsa madokotala kuti azilangiza makolo za kusewera monga amalembera mankhwala.

Makolo musawaloze chala. Mayi amene wapatsa mwana foni kuti athe kuphika kapena kumaliza ntchito si woipa mtima, watopa ndipo alibe womugwirira mwana. Ambiri akukhala m'nyumba zothina, kunja kuli magalimoto, pabwalo pamene ana ankasonkhana panamangidwa. Apa ndikulankhula ndi inu ogawa malo ndi okonza mapulani a mizinda: mukamadula mapuloti, kumbukirani kuti mwana sangasewere pa pepala la pulani. Pamafunika kamalo kotetezeka pafupi ndi nyumba, ka mthunzi, koti kholo n'kumamuona. Kusewera panja kumatetezanso maso. Ku Guangzhou, m'dziko la China, kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anapeza kuti ana a sukulu amene anaonjezeredwa mphindi 40 zokhala panja tsiku lililonse anali ochepa amene anayamba vuto losaona patali poyerekeza ndi anzawo.

Ndinenenso za ife alezi, chifukwa mlandu wina uli m'zipinda zathu. Mlezi amene wasiyidwa yekha ndi chipinda chodzaza ana, wina akulira, wina wadziipitsira, wina wakwera pa zenera, akapatsidwa wailesi yakanema adzaiyatsa. Ana adzati zii, iye adzapuma. Si ulesi. Sikirini m'chipinda chotero ikugwira ntchito ya mlezi wachiwiri amene simunamulembe. Ndalama zimene mwakonzera matabuleti, ndi zokonzetsera akasweka, ndi zogulira ena akatha ntchito pakapita zaka zochepa, mukanazipereka polemba alezi oonjezera ndi kuwaphunzitsa. Kuyang'anira sewero ndi luso lofunika kuphunzira: kudziwa pamene ungalowe ngati kasitomala wa sitolo yawo n'kufunsa funso lokulitsa nkhani, ndi pamene uyenera kudzigwira n'kuwasiya athetse okha, kuona mwana amene tsiku lililonse amasankhidwa kukhala galu kapena wakuba, n'kumuthandiza kuti nayenso akhalepo mfumu, kuona mtsikana amene anyamata akumukaniza kuyendetsa ambulansi. Sewero losiyidwa lopanda diso la wamkulu lingathe kukhala la nkhanza, ndipo sindikupempha kuti ana azingotayidwa pabwalo.

Kwa inu oyendera sukulu ndili ndi dandaulo. Ndaonapo alezi akumva kuti kwabwera alendo, n'kuphwasula msangamsanga nyumba ya makatoni imene ana amanga m'mawa wonse, kuwakhazika m'mizere, n'kuyambitsa nyimbo ya zilembo. Amatero chifukwa akudziwa zimene fomu yanu imafuna: chipinda chaudongo, ana achete, makope odzaza. Chipinda chimene ana akusewera mozama chimakhala cha phokoso, nsalu zili pa mipando, mchenga uli pansi. Malinga ngati fomu yanu ikuchotsera sukulu mamalikisi chifukwa cha zimenezi, mawu onse okoma a m'mabuku anu a ndondomeko onena za kuphunzira kudzera m'masewera adzakhala a pa pepala pokha. Onjezeranimo mafunso ena. Kodi ana asewera nthawi yaitali bwanji lero popanda belu kuwadula? Sewerolo analiyambitsa ndani? Kodi m'chipindamo muli zinthu zoti n'kusanduka china chilichonse?

Za nthawi ndikufuna kutsindika, chifukwa ndi pamene ndondomeko zambiri zimalakwira. Sewero labwino limachedwa kuyaka. Ana amayamba ndi kuzungulirazungulira, kukoka ichi n'kuchisiya, kukangana za maudindo, kumanga malo. Wongodutsa angaganize kuti palibe chikuchitika. Mukapereka mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, belu limalira pamene chipatala changotsegulidwa kumene, wodwala asanafike. Ana akadulidwa chotero tsiku ndi tsiku amasiya kuyamba zinthu zazikulu, amangothamangitsana. Ine ndikupempha ola lathunthu, losadulidwa, tsiku lililonse, ndi chilolezo chosiya zimene amanga zili chiimire kuti mawa adzapitirize.

Mwana wozolowera sikirini masiku oyamba amavutika, ndipo zimenezi muzidziwiretu kuti musabwerere m'mbuyo msanga. Amaima pakati pa chipinda n'kunena kuti "zikubowa", amafunsa foni, ena amalira ndithu. Ukamupatsa katoni amakuyang'ana ngati akudikira kuti iyake. Mlezi woleza mtima samuthamangira ndi chomusangalatsa. Amakhala naye pafupi, mwina n'kugogoda pa katoniyo n'kufunsa ngati muli anthu. Pang'ono ndi pang'ono mwana amayamba kuonerera anzake, kenaka amapatsidwa udindo waung'ono, mwina wa mlonda wa pa geti, kenaka tsiku lina umamumva akulamula kuti sitima inyamuke.

Zipangizo zake sizidzakuvutitsani pa bajeti. Mu 1971 katswiri wa zaluso wa ku Britain, Simon Nicholson, analemba kuti ana amapeka zambiri pamene ali ndi zinthu zambiri zoti n'kusuntha, kuphatikiza ndi kusandutsa mmene afunira. Makatoni, nsalu zakale, zingwe, zivindikiro za mabotolo, mapoto otha ntchito, mchenga, madzi, timatabwa tosalala. Nyumba yosungira mbiri ya masewera ya The Strong ku Rochester, m'dziko la United States, inaika katoni pa mndandanda wa zoseweretsa zolemekezeka mu 2005, ndipo ndodo inaikidwapo mu 2008. Chofunika kwa inu ndi kulola zinthuzi kulowa m'kalasi, kupereka malangizo omveka a ukhondo ndi chitetezo, monga kupewa tinthu ting'onoting'ono kwa ana amene akadaika zonse m'kamwa, ndi kutipatsa posungira.

Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, m'gawo 31, limati mwana ali ndi ufulu wopuma ndi wosewera mogwirizana ndi msinkhu wake, ndipo pafupifupi mayiko onse a pa dziko lapansi analivomereza. Kuyambira mu 2024, tsiku la 11 June ndi tsiku lokumbukira kusewera pa dziko lonse. Udindo wosandutsa pangano limeneli kukhala ola lenileni pa ndondomeko ya tsiku uli m'manja mwanu, chifukwa ndondomeko, bajeti ndi fomu yoyendera sukulu mumalemba ndinu. Mukamakonza za teremu ikubwerayi, itananiponi alezi amene amakhala ndi ana tsiku lonse, akuuzeni pamaso panu zimene zingatheke ndi zimene zikusowa. Ndipo pa nkhani ya ola losadulidwa ndi ya masikirini m'zipinda za ana osafika zaka zisanu, ndikupempha yankho lolembedwa limene tingawerengere makolo pa msonkhano wawo wotsatira.

Ine wanu pa ntchito yolera ana,

Mlezi wa pa sukulu ya mkaka